Kuchokera pa Tebulo la Mmisiri Kufika ku Chipatala cha Kutali

Munthu wa ku Nsanama amene amakalandira mankhwala ku chipatala chachikulu cha boma la Machinga, chimene chili pa Liwonde, kapena mbale wake wa kutsidya kwa Shire amene amapita ku chipatala cha Balaka, anaonapo kalaliki akutenga buku la kuchipatala, nalozetsa kachipangizo kowala pa sitika ya mizeremizere yomatidwa pachikuto, kenaka n'kumakhudza ndi chala pa galasi la kompyuta kufikira dzina, mankhwala ndi tsiku lobweranso zitaonekera. Ndipo popeza zonsezi zimachitika m'kanthawi kochepa, sakhalapo woima kufunsa kuti nzeru ili m'galasimo inalowamo bwanji, ndiponso kuti eni ake akafuna kuisintha amadzera njira yotani. Funso lotsirizali ndifuna tilisanthule mofatsa, pakuti ndikhulupirira kuti m'dziko lathu lino luso la amisiri olemba mapulogalamu liyenera kuyesedwa ndi m'mene zolemba zawo zimafikira, zamphumphu ndi zosasiyana, ku makina a chipatala chakutali koposa zonse.

Tiyambe ndi zimene maso saona. Galasi limene kalaliki amakhudza silisunga mbiri ya wodwala aliyense. Ntchito yake ndi kutumiza funso ndi kuonetsa yankho. Mbiriyo ili m'kompyuta ina yotchedwa seva, imene imakhala m'chipinda chokhoma, yoyaka usana ndi usiku, ndipo makina onse a m'chipatalamo amalankhula nayo monga momwe foni imalankhulira ndi masamba a pa intaneti, potsata njira imene Tim Berners-Lee anaiyamba ku CERN, pafupi ndi Geneva, pamene anayatsa seva yoyamba ya mtunduwu mu 1990. M'kati mwa seva yotere mumakhala magawo atatu: pulogalamu yolandira mafunso, monga Apache ya mu 1995 kapena Nginx imene Igor Sysoev anaitulutsa mu 2004, pulogalamu yodziwa malamulo a ntchitoyo, imene imazindikira kuti mwana wolemera makilogalamu akutiakuti ayenera mlingo wakutiwakuti, ndi database, m'mene zolembedwa zonse zimagona. Chimodzi mwa zitatuzi chikasemphana ndi zinzake, kalaliki amangouza anthu a pamzere kuti system yavuta, ndipo amene anadzuka tambala woyamba nalipira kabaza amakhala pa benchi kufikira dzuwa litapendeka.

M'maiko olemera seva zimasonkhanitsidwa m'nyumba zazikulu zowerengeka, za magetsi osathima ndi intaneti yosaduka, kotero kuti mmisiri akakonza cholakwa m'mawa, pofika masana anthu onse akugwiritsa ntchito chokonzedwacho. Kwathu kuno nkhani inayenda mosiyana, ndipo panali chifukwa chomveka. Pamene Gerry Douglas ndi anzake anaika makina oyamba okhudza ndi chala m'chigawo cha ana pa chipatala chachikulu cha Lilongwe mu 2001, ntchito imene inadzakula n'kukhala bungwe la Baobab Health Trust, anaona kuti chipatala sichingadalire waya wochokera kunja kwa mpanda wake, chotero seva anaiika m'chipatala momwemo, naipatsa mabatire akuluakulu kuti magetsi akathima isagwe nawo. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, olandira anachuluka msanga kuposa m'mene makaundula a mapepala akanathera kuwasunga, ndipo mu 2006 pulogalamu yosunga mbiri yawo inayamba kuyesedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kenaka inafalikira m'maboma. Pulogalamuyo, monga inadzakhwimira, ndi yolembedwa m'chilankhulo cha Ruby pa maziko otchedwa Rails, amene David Heinemeier Hansson anawatulutsa mu 2004, ndipo mbiri zake zimasungidwa mu MySQL motsata kalembedwe ka OpenMRS, kamene kanayambira pa ntchito yonga yomweyi ku Eldoret m'dziko la Kenya. Mu 2019 udindo wosamalira ndi kukulitsa ntchitoyi unapita m'manja mwa bungwe la EGPAF, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo ndiponso ndi chithandizo cha boma la America.

Koma walira mvula walira matope. Seva ikakhala m'chipatala chilichonse, kusintha pulogalamu kumakhala ntchito yobwereza monga mwa kuchuluka kwa zipatalazo, zina zili m'mbali mwa msewu wa tala ngati uwu wochoka pa Liwonde kudzera pa Nsanama kunka ku Ntaja, zina zili kuseri kwa madambo a Chilwa ndi Chiuta kumene galimoto imafika movutikira nthawi ya dzinja. Ndipo kusinthako sikungalekedwe, angakhale wina atanena kuti chimene chikuyenda chisiyeni chiyende. Mu 2011 dziko lathu linatsogolera maiko onse pokhazikitsa lamulo lakuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala pomwepo ndi kumwa moyo wake wonse. Mu 2019 anthu ambiri anasamutsidwa kuchoka pa mankhwala a 5A kupita pa 13A, amene muli dolutegravir. Pulogalamu yosadziwa malamulo atsopanowo ikanamukaniza dokotala kulemba chimene Unduna walamula. Palinso zosintha zina zochokera kunja, monga zinachitikira mu Epulo 2014, pamene chibowo chotchedwa Heartbleed chinapezeka mu OpenSSL, pulogalamu imene seva zosawerengeka pa dziko lapansi zimabisira mauthenga, ndipo eni seva anakakamizika kuzikonza m'masiku ochepa.

Ulendo wa chosintha chilichonse umayambira pa kompyuta ya mmisiri, ndipo pomwepo ndi pamene mavuto ambiri amadzalidwa. Oumba njerwa amadziwa kuti anthu khumi angaumbe njerwa za nyumba imodzi pokhapokha chikombole chili chimodzi, pakuti wina akabwera ndi chake chosiyana ndi chala chimodzi chokha, khoma limadzaulula mlandu wake litafika pa zenera. Chomwechonso laputopu ya wolemba pulogalamu iyenera kukhala ndi Ruby wa msinkhu womwewo, MySQL wa msinkhu womwewo ndi Linux wofanana ndi amene ali pa seva ya kuchipatala. Kupanda apo mmisiri adzalumbira moona mtima kuti kwa iye zikuyenda, pamene kwa anamwino zakana. Chimene chimakulitsa vutoli n'chakuti pulogalamu ya masiku ano siilembedwa yonse ndi eni ake: imaima pa timapulogalamu tambirimbiri tolembedwa ndi anthu a kutali amene sitidzawaona, ndipo kalikonse kamasintha pa nthawi yake. Mu Malichi 2016 mmisiri wina anachotsa pa malo ogawanirana kapulogalamu kake ka mizere 11 kotchedwa left-pad, ndipo ntchito zikwi zambiri pa dziko lapansi zinakana kumangika tsiku limenelo. Poopa kusintha kwa timapulogalamu totere, amisiri a Ruby amasunga fayilo yotchedwa Gemfile.lock, m'mene mumalembedwa dzina ndi nambala yeniyeni ya kapulogalamu kalikonse, kuti amene adzamange mawa adzatenge zomwezo zimene mnzake anatenga dzulo. Ndipo kuyambira mu 2013 ambiri amagwiritsa ntchito Docker, amene amakulunga pulogalamu pamodzi ndi zonse zimene imadalira m'phukusi limodzi lotha kunyamulidwa. Kwa ife, amene timagula intaneti ndi mabandulo ndipo imaduka osatsazika, phukusi lotere liyenera kusungidwanso kwathu konkuno, pa chipangizo chimene munthu angaike m'thumba, kuti kumanga seva yatsopano kusayembekezere chifundo cha netiweki.

Pali chikalata chimodzi chimene amisiri achinyamata amachipeputsa, ndicho README, m'mene mumafotokozedwa, ndime ndi ndime, zimene mlendo ayenera kuchita kuti pulogalamu iyake pa kompyuta yake. Ine ndimachiyesa cholemekezeka kuposa zokongoletsa zonse za pagalasi, ndipo muyeso wake ndi wapafupi: mupatseni wophunzira amene wangotsiriza kumene maphunziro ake, mumuletse kufunsa munthu, nimuone ngati dzuwa lisanalowe pulogalamuyo yayaka. Paliponse pamene wakakamira, pamenepo pali nzeru imene ikali m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo tsiku limene munthuyo adzapeze ntchito ku Johannesburg nzeruyo idzakwera naye basi.

Pano ndiyenera kuchenjeza mwamphamvu za chinthu chimene ulesi umabweretsa. Mmisiri amafuna mbiri za odwala kuti ayesere pulogalamu yake, ndipo njira yachidule ndi kukopera database yeniyeni ya chipatala n'kuiika pa laputopu. Chimenechi ndi chonyansa, angakhale wochichita alibe mtima woipa, pakuti laputopu imabedwa m'minibasi, imabwerekedwa, imapita kwa okonza. Ndipo pa malo ngati Nsanama, pamene wogulitsa mpunga, mphunzitsi, shehe ndi mkulu wa mpingo onse amadziwana maina, kutuluka kwa mndandanda umodzi wa olandira mankhwala kungapasule mabanja amene palibe pulogalamu idzawamangenso. Zoyesera zikhale mbiri zopeka. Mawu achinsinsi otsegulira seva nawonso asalembedwe m'kati mwa pulogalamu, m'mene aliyense woiwerenga angawaone. Lamulo loteteza mbiri za anthu limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa, la mu 2024, langotsimikiza chimene chikumbumtima chinanena kale.

Za zida zolembera sindichulukitsa mawu, popeza pamenepa dziko lonse linagwirizana. Git, amene Linus Torvalds anamulemba mu 2005, amasunga chosintha chilichonse pamodzi ndi dzina la wosintha, tsiku lake ndi chifukwa chake, kotero kuti cholakwa chikaoneka patapita miyezi, anthu angathe kubwerera m'mbuyo kufikira atapeza mzere umene chinalowera. Ndipo ali ndi ubwino wina wotikomera ife makamaka, wakuti mbiri yonse imakhala pa kompyuta ya mmisiri aliyense, ndipo munthu amatha kugwira ntchito netiweki kulibe n'kudzatumiza zosintha zake ikabwera. Aliyense amalemba pa nthambi yake, ndipo zolembazo sizilowa m'thunthu mnzake asanaziwerenge, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pa GitHub, malo osungirako ntchito zotere amene anatsegulidwa mu 2008, kuwerengeranaku kumachitika poyera ndipo kumasiya umboni.

Pamene ndifuna kuima pang'ono ndi pa mayeso. Amisiri amalemba timapulogalamu toyesa pulogalamu yaikulu, ndipo makina amatiyendetsa tokha nthawi iliyonse munthu akapereka chosintha, nakana chosinthacho ngati kamodzi kalephera. Makinawo satopa, koma amayesa zokhazo zimene munthu anaziganizira, ndipo munthu amaganizira zimene anaziona. Mmisiri amene sanakhalepo pa benchi ya chipatala cha kumudzi sadzalemba mayeso a gogo wosadziwa tsiku lake lobadwa, amene amangoti anabadwa chaka cha njala ya 1949. Kapena a anthu awiri a dzina limodzi ndi mudzi umodzi. Kapena a dzina lachiyao kapena lachilomwe limene kalaliki wa pa Liwonde analilemba mwina, wa ku Balaka nalilemba mwina. Kapena a msodzi amene wakhala miyezi ku nyanja nalandirira mankhwala kwina, tsopano wabwerera ndi buku lonyowa. Kapena a mwana amene wanenepa nadutsa malire a mlingo wake pakati pa maulendo awiri. Zotere sizichitika mwa apo ndi apo m'boma la Machinga, ndi za tsiku ndi tsiku, ndipo cholakwa chilichonse chimene anamwino anenapo chiyenera kusanduka mayeso atsopano chisanakonzedwe, kuti chisadzabwerenso mwakachetechete.

Zonse zikadutsa mayeso, amisiri amadinda nambala pa pulogalamuyo. Mwambo wofala ndi wa manambala atatu, monga 4.2.1: yotsiriza imakwera akangokonza cholakwa, yapakati akawonjezera chatsopano chosasokoneza zakale, ndipo yoyamba imakwera akasintha zinthu kotero kuti zakale sizingayendenso monga kale. Nambalayo ikadindidwa, zimene zili pansi pake zisakhudzidwenso, angakhale chilembo chimodzi. Wofuna kukonza adinde ina. Ndipo pamodzi ndi nambalayo patuluke kalata yofotokoza zimene zasintha, yolembedwa m'mawu amene dokotala wamng'ono angamve, pakuti iyeyo ndiye adzakumane ndi batani losamuka Lolemba m'mawa odwala ali pakhomo.

Choopsa koposa pa ntchito yonseyi ndi pamene chosintha chikhudza kakonzedwe ka database, monga kuwonjezera malo olembapo kapena kusamutsa zolembedwa za zaka zambiri kupita m'kaundula watsopano. Pulogalamu yoipa munthu angaichotse n'kubwezerapo yakale. Koma mbiri zikasamutsidwa theka, magetsi n'kuthima pakati, seva imatsala ndi kaundula amene pulogalamu yakale siimudziwa ndipo yatsopano siimulandira. Tisaiwale kuti mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka kuthima kunali kwa tsiku lililonse, mabatire ambiri osapeza mpata wodzaza. Madzi akatayika saoleka. Choncho dzanja lisanakhudze database, pakhale backup, ndiye kuti kope la mbiri zonse, yotengedwa tsiku lomwelo, yosungidwa pa chipangizo china. Ndipo backup imene munthu sanayesepo kuibwezera siyenera kuwerengedwa ngati ilipo. Kampani ya GitLab, yodzaza ndi akatswiri, inaphunzira zimenezi pa 31 Januwale 2017, pamene mmisiri wake wotopa anafufuta database yogwira ntchito poganiza kuti akufufuta ina, ndipo atathamangira ku njira zawo zosungira anapeza kuti pafupifupi zonse sizinkagwira ntchito popanda wozindikira. Chimene chinawapulumutsa ndi kope limodzi lotengedwa maola 6 ngoziyo isanachitike, ndipo zolembedwa za maola amenewo zinatayika.

Tsopano ifika nthawi yogawira pulogalamu ku seva zonse, ndipo pano pali maenje awiri, lina kumanja lina kumanzere. Loyamba ndi kuiwala seva imodzi. Kumapeto kwa Julayi 2012 kampani ya Knight Capital ya ku America inaika pulogalamu yatsopano pa seva zake 7 mwa 8, yachisanu ndi chitatu n'kutsala ndi yakale, ndipo pa 1 Ogasiti, m'mphindi 45, seva yotsalirayo inagula ndi kugulitsa pa msika wa masheya mosalamulirika kufikira kampaniyo itataya madola oposa 400 miliyoni. Ngati anthu a seva 8 zokha anaphonya, nanga a seva zomwazikana kuchokera ku Chitipa kufika ku Nsanje? Dzenje lachiwiri ndi kugawira onse nthawi imodzi, monga inachitira kampani ya CrowdStrike pa 19 Julayi 2024, pamene fayilo imodzi yolakwika inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, ndege zinaima, ndipo zipatala m'maiko ambiri zinabwerera ku mapepala. Njira yopyola pakati pa maenje awiriwa ndi kuyamba ndi zipatala zochepa, kudikira masiku, kumva madandaulo, kenaka kuwonjezera pang'onopang'ono, uku mukusunga mndandanda woonetsa nambala ya pulogalamu imene ili pa seva iliyonse. Mndandandawo uzidzazidwa ndi sevayo yokha nthawi iliyonse ikapeza netiweki, popeza kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo lipoti la munthu amene anafika mochedwa, nathamangira kubwerera kusanade, silingakhale maziko a chitsimikizo.

Apa ndili ndi mawu otsutsana ndi chizolowezi chimene n'chosavuta kugweramo kulikonse. Posankha malo oyamba kuyesera, mtima umakokera ku zipatala za m'tauni, kumene amisiri angafike ndi galimoto m'mphindi zochepa. Kumeneko n'kofunika, koma sikuonetsa zonse, chifukwa kuli jenereta, kuli netiweki, kuli munthu wodziwa makompyuta pafupi. Pakati pa malo oyamba pazikhala chipatala chimodzi chaching'ono cha kumudzi, cha seva yokalamba, mabatire otopa ndi netiweki yobwera ndi kupita, pakuti chimene chayenda kumeneko chidzayenda kulikonse. Nthawinso isankhidwe moganizira eni ntchito: osati m'mawa wa tsiku la kiliniki, osati Lachisanu madzulo pamene wokonza sadzapezeka kufikira Lolemba, ndiponso osati kumapeto kwa miyezi itatu, pamene zipatala zikukonza malipoti amene Unduna umawerengera mankhwala oyenera kutumizidwa. Ndipo wopita kukaika pulogalamu asachoke asanaone ndi maso ake wodwala mmodzi atalembedwa ndi sitika itatuluka m'pulintala, atanyamulanso njira yobwerera ku pulogalamu yakale ngati zakana.

Chatsala ndi funso la umwini, limene linaonekera poyera mu Januwale 2025, pamene boma la America linaimitsa mwadzidzidzi chithandizo chake chambiri cha kunja kuti lichiunikenso, ndipo ntchito zambiri zaumoyo mu Afirika zinagwedezeka. Pulogalamu yolembedwa ndi manja a Amalawi, yosungidwa pamalo pamene Unduna ungaitenge, ndi chuma chathu ndithu. Koma kukhala nayo pa GitHub sikukwanira ngati odziwa kuimanga, kuidinda nambala ndi kuigawira amalipidwa ndi thumba limene lingatsekedwe ndi kalata imodzi yochokera kutsidya kwa nyanja. Masukulu athu a ukachenjede, ku Zomba, ku MUBAS, ku MUST ndi ku Mzuzu, amatulutsa achinyamata otha kulemba mapulogalamu, ndipo ndikanakonda aphunzitsi awo akanamapereka mamalikisi pa README yomveka, pa mayeso olembedwa bwino ndi pa backup yobwezeredwa pamaso pa woyesa, monga amaperekera pa pulogalamu yoyaka. Unduna nawo uyenera kusunga m'manja mwake makiyi a seva zonse, mndandanda wa manambala ndi malangizo omangira, ndi kukhala ndi mmisiri wake m'boma lililonse. Ku Machinga munthu woteroyo akhale pa Liwonde, ali ndi njinga yamoto ndi mafuta ake, ndi diski ya phukusi lonse m'chikwama, nambala yake ya foni italembedwa pa khoma la chipinda cha seva iliyonse kuyambira pa Nsanama kufika ku Nayuchi, ndipo malipiro ake azichokera m'bajeti ya boma la Malawi.